Amene Ankasintha Madzi a Nsomba Ine Kulibe

Owerenga anzanga, ndiloleni ndiyambe ndi funso. Wakuba amalowa m'nyumba kuti atenge kanthu. Nanga munthu amene amalowa m'nyumba mwako iwe uli kuntchito, osatenga ngakhale supuni, koma kungokukonzera zimene zakukanika, kenako n'kutseka chitseko bwinobwino, ameneyo angakhale ndani? Yesani kumulota pamene mukuwerenga. Ine ndidatha miyezi ndikumulota, mpaka masiketi adayamba kundikhwepa m'chiuno.

1

Mwamuna wanga amagwira ntchito yokonza nsanja za mafoni. Tidakhala m'banja zaka zingapo popanda mphatso ya mwana, ndipo pakona ya pabalaza, pamene anzathu amadzaza zidole, ife tidaikapo thanki yagalasi.

M'thankimo mudali tinsomba tiwiri tosaposa chala kutalika kwake. Dzina lake ndi apisitogirama, ndipo lilime langa lidavutika nalo chaka chathunthu. Mwamuna wanga ankati kwawo kwa tinsombati ndi kutimitsinje ta m'nkhalango za kutsidya kwa nyanja zazikulu, ndipo m'tauni yathu yonse padalibe wina amene adali nato. Kakamuna, ka zipsepse zobiriwira ndi zofiira zoima ngati lipombo la tambala, adakatcha Bwana. Kakakazi, kotuwa ndi kamanyazi, adakatcha Dona.

Malamulo ake adali ochuluka kuposa a kusukulu. Madzi apampopi ayi, chifukwa ali ndi mankhwala amene amawotcha makha a nsomba. Tinkasunga madzi amvula mumgolo kuseri kwa nyumba. M'thankimo ankaponyamo masamba ouma mpaka madzi kuoneka ngati tiyi wosakolera, akuti ndiwo madzi akwawo. Mudali chotenthetsera madzi, sefa yoyeretsa madzi yolira usana ndi usiku, ndiponso chigoba cha kokonati chovundikira, chimene chidali nyumba ya Dona. Chakudya chidali chongomata kunsonga kwa chala, osapitirira pamenepo. Mlungu uliwonse ankachotsa madzi pang'ono ndi kapayipi, n'kuthira ena mwapang'onopang'ono ngati akumwetsa wodwala.

Ndinkamuseka kuti m'nyumbamo mkazi wamkulu adali Dona, ine ndidali wamng'ono. Iye ankaseka nawo, maso ali pagalasi.

Tsiku lina adabwera ndi nkhani yakuti kampani yawo ikumutumiza kunja kwa dziko kwa theka la chaka. Ndidakondwa ndi kudandaula nthawi imodzi. Tsiku lonyamuka, mng'ono wake adabwera ndi galimoto kudzamutenga. Mwamuna wanga adati ndisavutike kumuperekeza kubwalo la ndege, ndingajombe kuntchito pachabe. Adaima nthawi yaitali patsogolo pa thanki, chikwama chili m'manja.

"Mayi, tinsombati tikafa, mudzakhala mwapha ine," adatero.

Ankamwetulira, koma maso ake sankaseka.

2

Ine ndimagulitsa mankhwala pafamase. Ndimachoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Masiku oyamba ndidatsata malamulo onse ngati mwana wa sukulu. Koma Bwana ankati akandiona, ankabwera pagalasi n'kumayasamula kukamwa, ndipo mtima wa chifundo udandipusitsa. Ndidayamba kuwonjezera chakudya. Munthu ungamane bwanji mlendo amene akukuyang'ana m'maso?

Madzi adayamba kuchita mbuu ngati otsukira mpunga. Madzulo ena ndidapeza Bwana atapinda zipsepse zake zonse, ali pakona, akupuma mwabefu. Ndidajambula chithunzi n'kutumizira mwamuna wanga, ndipo foni idalira nthawi yomweyo. Adali iye. Adati ndisakhudze chilichonse, ndisapereke chakudya, ndingosiya zonse mmene zilili.

Mawa lake pobwera kuntchito ndidapeza madzi ali mbee. Bwana ankayendayenda atatambasula zipsepse ngati palibe chidachitika. Ndidathokoza Mulungu, ndipo ndidagwada kuti ndimuone bwino. Apo mpamene maondo anga adamva chinyezi. Kapeti yapatsogolo pa thanki idali yonyowa.

Ndidapita kukhitchini. Ndowa imene ndimaisiya kunsi kwa sinki sidalipo. Ndidaipeza pakhonde lakuseri, yotsukidwa, yovundikiridwa kuti iume.

Nditamuuza mwamuna wanga pafoni, adaseka kwambiri. Adati sefa ija ndiyo ntchito yake, imayeretsa madzi yokha. Za ndowa adati mwina ndidaitulutsa ndekha, kutopa kumaiwalitsa. Ndidavomera, chifukwa ndinkafuna kuvomera. Koma ine ndowa sindiivundikira. Sindidayambe ndaivundikirapo.

3

Zidachitikanso mlungu wotsatira. Ulendo uno mudali masamba ouma atsopano akuyandama m'thanki, ndipo ndere zimene zidayamba kumera pagalasi zidali zitapalidwa. Ndidaima pakati pa balaza chikwama chili paphewa, tsitsi lili nyaunyau. M'nyumba mudali zii, kupatula kulira kwa sefa.

Ndidayendera chipinda chilichonse. Wailesi yakanema idali pamalo pake. Ndolo zanga zidali m'kambale kake. Nsapato za mwamuna wanga zidali pamzere monga adazisiyira. Palibe chidasowa. Kunena zoona, akadaba kanthu mtima wanga ukadakhalako pansi, chifukwa wakuba umadziwa chimene akufuna. Koma uyu ankafuna chiyani?

Ndidayamba kutchera timisampha. Pochoka m'mawa ndinkamata ulusi wakuda pakati pa chitseko ndi mphuthu yake. Masiku ena ndinkaupeza uli chimatire. Tsiku lina ndidaupeza uli pansi, loko ali wokhoma bwinobwino. Munthuyo adali ndi kiyi.

Tulo tidandithawa. Ndinkagona nditatsamiritsa mpando kuchitseko cha kuchipinda, nsapato zili pafupi. Kuntchito ndidatsala pang'ono kupatsa gogo wina mankhwala a munthu wina, mwayi mnzanga wapakauntala adandigwira dzanja. Nditamufotokozera, poyamba adaseka, akuti mngelo ameneyo ndimutumizeko kwawo akachape mbale. Ataona kuti misozi ikulengeza m'maso mwanga, adasiya nthabwala. Adati ndipite kupolisi. Koma ndikadakanena chiyani kumeneko? Kuti wina akundisamalirira nsomba?

Kenako nkhani idakula. Pafupi ndi ife pamakhala mayi wina amene msewu wonse umamutcha Wailesi, chifukwa nkhani ikafika kwa iye sigona. Adandiitana pampanda ndikuyanika zovala.

"Achemwali, mlendo wanu uja wa njinga yamoto, bambo akumudziwa?"

Ndidafunsa kuti mlendo wake uti. Iye adandiyang'ana cham'mbali, akumwetulira ngati tagwirizana kanthu. Adati amabwera cham'mawa anthu atapita kuntchito, amavala chijekete chachikulu ndi chisoti chobisa nkhope yonse, ndipo sachivula mpaka atalowa. Amatsegula ndi kiyi ngati kwawo.

"Ife za eni sitilankhula," adatero. "Kungoti kupereka kiyi mwachangu chotere, bambo angochoka kumene, ena angaone ngati kanthu."

Pofika Lamlungu, amayi ena amene tinkapatsana moni adayamba kundiyankha ndi mphuno. Tsopano mantha anga adali pawiri. Ndinkaopa mwamuna wosadziwika amene ankayenda m'nyumba mwanga, ndiponso ndinkaopa kuti mphekesera ifika kwa mwamuna wanga isanafike nkhani yoona.

4

Ndidaitana mmisiri kudzaika loko watsopano. Madzulo ake ndidamuuza mwamuna wanga zonse, za ulusi, za chisoti, za Wailesi. Ndinkayembekeza kuti achita mantha chifukwa cha ine, kapena nsanje. Koma iye adati Wailesi ndi wabodza kuyambira kale, ndipo ine ndikudzipangira mizukwa chifukwa chokhala ndekha. Adawonjeza kuti kiyi mmodzi ndikasiye kwa mng'ono wake, kuopa kuti ndingataye wanga n'kugona panja. Ndidati ndamva, koma sindidapereke.

Kwa milungu ingapo m'nyumba mudali mtendere. Ulusi unkakhala chimatire. Ndidayambanso kugona tulo. Ndinkasintha madzi ndekha, ndipo kawiri konse ndidameza madzi a m'thanki poyamwa kapayipi.

Tsiku lina ndidapeza Dona atasintha mtundu. Kansomba kotuwa kaja kadasanduka kachikasu ngati nthochi yakupsa, kali ndi mawanga akuda. Adadzitsekera m'chigoba chake, ndipo Bwana akangoyandikira ankamuthamangitsa mpaka kukona, ngakhale Donayo adali wamng'ono kwa iye. Ndidaganiza kuti ndi matenda, ndipo ndidaimba foni ndikulira.

"Waikira mazira," adatero mwamuna wanga, mawu ake ali pansipansi ngati akupemphera. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira zimenezi."

Mawu amenewo adandilasa penapake, koma ndidameza. Kuyambira tsiku limenelo foni sinkapuma. Ankafunsa ngati chotenthetsera chikuyaka, ngati magetsi sadazime, ngati ndafunditsa thanki bulangete atazima. Ndipo foni iliyonse inkathera pa kiyi. Adati ngati nditadwala mwadzidzidzi, ndani angalowe kudzaona mazirawo? Adandiumiriza mpaka ndidatopa. Ndidakasiya kiyi kwa alamu anga.

Sipadapite masiku ambiri. Ndidabwera kuntchito n'kupeza ulusi uli pansi. Dona adali atatulutsa ana ake, tinthu tating'ono ngati fumbi, tikuyenda momuzungulira. Kukamwa kwa sefa kudali kutakulungidwa ndi kansalu kopyapyala, komangidwa ndi mphira, kuti tianato tisakokedwe. Kapeti idali yonyowa.

Ndidakhala pansi pomwepo.

5

M'mawa mwake ndidalawirira kushopu ya alamu anga. Iwo amagulitsa zipangizo za galimoto, ndipo ndidawapeza akupukuta kauntala. Atandiona, nsanza ija idaima m'manja mwawo. Ndidawafunsa mosazungulira ngati ndiwo amalowa m'nyumba mwanga.

"Ine, alamu? Ine nsomba ndimaidziwa ikakhala m'mbale basi."

Adaseka okha. Ndidati ngati ndi choncho andionetse kiyi wanga. Adapapasa m'matumba a malaya, a thalauza, adatsegula dirowa n'kuitsekanso, kenako adati mwina wautsala kunyumba. Nthawi yonseyi maso awo adali pa nsapato zanga. Ndidawauza kuti sindikugona, kuti ndatha ngati chingwe, kuti msewu wonse ukunditcha wachimasomaso. Ndidawafunsa ngati angakondwe mlongo wawo atakhala m'nyumba imene mwamuna wachilendo amalowamo mmene wafunira.

Thukuta lidaoneka pamphuno pawo.

"Palibe amene angakupwetekeni, alamu. Zimenezo ndikulumbira. Koma zinazi ndi zazikulu kuposa ine. Musandiike pakati."

Mawu amenewo sadanditonthoze ngakhale pang'ono. Adangonditsimikizira kuti munthuyo alipodi, kuti alamu akumudziwa, ndiponso kuti pali chinthu chimene aliyense akuchiona kupatula ine. Mumsewu ndinkatembenuka njinga yamoto iliyonse ikadutsa. Ndinkaganiza kuti mwina ndi mnzawo wa alamu amene watumidwa kudzandizonda. Mwina ndi munthu wodwala mutu amene akuyamba ndi nsomba, mapeto ake adzafika pa ine. Ndidayesa kuimbira mwamuna wanga, koma sadayankhe. Patapita nthawi adatumiza uthenga wakuti ali pamwamba pa nsanja.

Pamenepo ndidazindikira kuti palibe amene adzandiuze. Ndidayenera kumuona ndi maso anga.

6

Ndidapempha tchuthi cha masiku angapo kuntchito. M'mawa ndidavala yunifolomu monga mwa masiku onse, ndidakhoma chitseko, ndipo ndidapereka moni kwa Wailesi mokweza kuti msewu wonse umve kuti ndachoka. Nditafika pokwerera basi ndidakhota, n'kudzera kanjira kakuseri, ndipo ndidalowa pakhomo la kukhitchini. Ndidatenga nyundo m'bokosi la zida, n'kukhala pansi kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, nditachisiya pang'ono kuti ndizitha kuona thanki.

Tsiku loyamba sikudabwere munthu. Tsiku lachiwiri, dzuwa litakwera, ndidamva njinga yamoto ikuima panja.

Kiyi adalira m'loko. Chitseko chidatseguka, ndipo adalowa munthu wa chijekete chakuda ndi chisoti kumutu. Adavula nsapato pakhomo. Sadayang'ane uku ndi uku monga achitira munthu wa m'nyumba ya eni. Adalunjika kukhitchini, ndidamva ndowa ikulira, chitseko chakuseri chikutseguka, chivundikiro cha mgolo chikusunthidwa. Nyundo inkaterera m'manja mwanga chifukwa cha thukuta.

Adabwerera ndi ndowa ziwiri, ina yodzaza, ina yopanda kanthu. Adagwada pakapeti atandifulatira. Adaviika chala m'thanki, kenako m'ndowa, kuyerekeza kutentha kwake. Adalowetsa kapayipi m'madzi mosamala, kutali ndi pamene padali tiana ta Dona. Kuti ayamwe kapayipiko adayenera kuvula chisoti. Adachivula, n'kuchiika pampando.

Ndidaona nkhongo yake, ndi khutu lake, ndi mmene adapendekera mutu. Nyundo idandipulumuka n'kugwera pansi.

Adatembenuka modzidzimuka, koma chala chake sichidachoke pakamwa pa kapayipi. Tidayang'anana. Madzi ankadontha m'ndowa pang'onopang'ono.

"Musakuwe," adatero. "Muwadzidzimutsa ana."

Ndidatuluka m'chipindamo. Mafunso onse amene ndidawasunga miyezi yonseyo adabalalika, ndipo lidatsala limodzi lokha. Ndidamufunsa chimene ankafuna m'nyumbamo.

"Masiku oyamba ndi ovuta. Madzi akangoipa pang'ono, onse amatha usiku umodzi."

"Ndi chokhacho chimene mumabwerera?"

Adayang'ana thanki, kenako pansi.

Ndidamuuza kuti ndakhala ndikugona ndi mpando kuchitseko. Ndidamuuza kuti ndidatsala pang'ono kupha gogo wa eni ndi mankhwala olakwika, kuti dzina langa laipa msewu wonse. Adati akudziwa, ndipo akupepesa. Adati ankafuna kundiuza, koma ankadikira nthawi yabwino. Kenako adafotokoza zonse ali chigwadire pakapeti yonyowayo, mawu ali pansi, ndipo ine ndidamvetsera nditaima, chifukwa ndikadakhala pansi sindikadadzukanso.

Atamaliza ndidamuuza kuti aike kiyi patebulo atuluke. Adauika. Adaimirira, n'kutenga chisoti chake, koma adaimanso.

"Ndiloleni ndimalize kuthira madziwa," adatero. "Sangakhale theka chonchi."

Ndidamulola. Ndidaima pamenepo n'kumaonerera akuthira ndi kapu, pang'onopang'ono, dzanja lina atatchinga kuti madzi asavundule mchenga. Manja ake sadanjenjemere ngakhale kamodzi.

7

Thanki idachoka m'nyumbamo mlungu womwewo. Adainyamula anthu awiri, atafunditsa bulangete, akuyenda mwakachetechete ngati anyamula wodwala. Ndidamva kuti ana a Dona ambiri adakula bwino. Ine ndidasamukira kudera lina, m'kanyumba ka chipinda chimodzi, ndipo kiyi wake ali ndi ine ndekha. Wailesi adabwera kudzandipepesa ndikulongedza katundu, koma ndidaona kuti kupepesako kudali kofuna kumva zambiri. Alamu anga mpaka lero akandiona amawolokera tsidya lina la msewu.

Mantha sadatheretu. Ndikalowa m'nyumba ndimayambabe ndayang'ana pansi ngati pali ponyowa. Njinga yamoto ikaima pafupi, ndimasiya chimene ndikuchita.

Owerenga anzanga, sindikulemba izi kuti mudane ndi ziweto za amuna anu, kapena kuti muyambe kumata ulusi m'zitseko. Tinsomba tija tidalibe mlandu, ndipo nthawi zina ndimatisowa. Chimene ndikunena ndi ichi: maso anu akaona kapeti yonyowa, wina n'kukuuzani kuti ndi youma, musafulumire kukayika maso anuwo. Ine ndidakhulupirira mawu apafoni kuposa maondo anga amene adamva chinyezi. Ndiponso yang'anani bwino chimene munthu amalephera kuchisiya. Pakamwa pamanena zambiri, koma mapazi amabwerera kokha kumene kuli mtima.

Amene mwalota kale, mwalota bwino. Munthu wachisoti uja adali mwamuna wanga. Sadakwere ndege konse. Miyezi yonseyo ankakhala kuseri kwa msika wa m'tauni yathu yomweyo, ndi mkazi wina amene adali atangomuberekera mwana wamwamuna.